MTEMBO PA MLANDU: MMENE AZUNGU ANASINTHIRA MAGANIZO PA ZA KUDZIPHA

Palibe maliro opepuka, koma alipo maliro ena amene ngakhale akuluakulu a mpingo amafika panyumba ali cete, osadziwa poyambira. Awa ndi maliro a munthu amene wadzipha. Azimai amalira motsitsa mau. Azibambo amakhala m'timagulu panja, kunong'onezana. Wina afunsa ngati kwaya iimbe. Wina afunsa ngati bokosi lilowe m'chalichi. Wina afunsa ngati ansembe kapena abusa abwera kumanda. Pakati pa mafunso onsewa pakhala mkazi wamasiye, kapena amai a malemu, atasenza mitolo iwiri: cisoni ndi manyazi.

Mafunso awa sitinayambe ndife kuwafunsa. Azungu a ku Ulaya, amene anatibweretsera malamulo a boma ndi malamulo ambiri a mipingo yathu, akhala akulimbana nao kwa zaka zoposa 2,000, ndipo yankho lao lasintha kangapo. Inalipo nthawi imene anali kutamanda odzipha ena ngati ngwazi. Inalipo nthawi imene anali kutengera mtembo kukhoti. Lero amatumiza dokotala ndi munthu womvetsera. Tiyeni tiutsatire ulendo umenewu, pakuti zina zimene timaziyesa lamulo losasinthika eni ake anazisiya kale, ndipo ndi bwino tidziwe cifukwa cake.

AGIRIKI NDI AROMA SANALI PA MAU AMODZI

Tiyambire ku Athens, mzinda wa Agiriki, zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe. Kumeneko munthu akadzipha, dzanja lake linali kudulidwa ndi kukwiriridwa palokha, ngati kuti dzanjalo ndi mdani amene wapha mwini wake. Plato, mphunzitsi wochuka wa nzeru, anati munthu ndi cuma ca milungu, motero sayenera kucoka pa dziko mwini wake asanamuitane. Anafuna kuti otere aziikidwa paokha, pa manda opanda mwala kapena dzina, ngakhale kuti anapatulako anthu ogwidwa ndi tsoka losapiririka. Wophunzira wake Aristotle anati wodzipha walakwira mzinda, pakuti waulanda munthu wake.

Aroma anali ndi mtima wina. Kwa akuluakulu ao, kufa ndi dzanja lako kunali ulemu kuposa kugwadira mdani. Cato, mtsogoleri amene mbali yake inagonja pa nkhondo yolimbana ndi Julius Caesar, anadzipha m'caka ca 46 Yesu asanabadwe ku Utica, m'dziko limene lero ndi Tunisia, ndipo kwa mibadwo yambiri Aroma anali kumuchula ngati citsanzo ca mwamuna wolimba mtima.

Koma ulemu umenewu unali wa mabwana okha. Msilikali woyesa kudzipha anali kulangidwa ngati wothawa nkhondo. Kapolo wodzipha anali kuwerengedwa ngati katundu woonongeka, mbuye wake nkumadandaula za ndalama. Ndiye kuti kuyambira kale mkangano unali pa funso limodzi: kodi moyo wa munthu uyu ndi wa yani?

AUGUSTINE ADULA MZERE

Ife owerenga Baibulo tidziwa kuti muli anthu angapo amene anafa ndi dzanja lao: mfumu Sauli ndi wonyamula zida zake, Ahitofele, Zimri ndi Yudasi. Malemba afotokoza imfa zao mwacidule, osaikapo lamulo la kaikidwe ka otere. Ahitofele anaikidwa m'manda a atate wake. Davide anamulira Sauli.

M'zaka zoyamba za mpingo, pamene Akhristu anali kuzunzidwa, malire a pakati pa kufera cikhulupiriro ndi kudziponya dala ku imfa sanali kuoneka bwino. Kumpoto kwa Africa kunali magulu ena amene anali kuifunafuna imfa, poganiza kuti ndi njira yacidule yopita kumwamba.

Amene anadula mzere anali mwana wa mu Africa momwemuno, Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Mu 410 ankhondo a Alaric analanda mzinda wa Roma, ndipo akazi ambiri acikhristu anagwiriridwa. Ena anadzipha pothawa manyazi, ndipo anthu anayamba kukaikira otsala amoyo. Augustine anayankha m'buku lake lalikulu lonena za Mzinda wa Mulungu. Anati chimo ndi la wogwirira, osati la wogwiriridwa. Mkazi wotere alibe mlandu, motero alibe cifukwa codzipatsa cilango ca imfa. Anaonjeza kuti lamulo la Mulungu loletsa kupha likhudzanso munthu kudzipha yekha.

Apa tione bwino. Ciphunzitso cimeneci cinabadwa pofuna kusunga amoyo, kuuza wosweka mtima kuti moyo wake ukali wa mtengo. Koma m'mibadwo yotsatira cinasanduka ndodo yomenyera akufa. Mu 561 msonkhano wa mabishopu ku Braga, m'dziko la Portugal, unalamula kuti wodzipha asachulidwe pa nsembe ya Misa, ndipo mtembo wake usaperekezedwe ndi masalimo. M'zaka za m'ma 1200 Thomas Aquinas anapereka zifukwa zitatu zimene mipingo yambiri ikali kuzigwiritsa nchito: kudzipha kutsutsana ndi cibadwa, pakuti camoyo ciliconse cimadziteteza, kulakwira anthu anzako, pakuti munthu aliyense ndi ciwalo ca gulu, ndiponso kulakwira Mulungu, mwini moyo. Anthu wamba anaonjezapo zao. Anali kukhulupirira kuti ndi Satana amene amakankha munthu, ndi kuti mzimu wa wodzipha sugona, umayendayenda kuvutitsa amoyo.

BOMA LITENGERA MTEMBO KUKHOTI

Mpingo utakaniza mapemphero, mafumu anabwera ndi zilango zao. Ku England munthu akapezeka atafa mokaikitsa, mkulu wa boma wofufuza za imfa anali kuitana amuna 12 kapena kuposerapo a m'dera lomwelo kuti aone mtembo ndi kugamula. Akagamula kuti anadzipha ali ndi nzeru zake zonse, malemuyo anali kuchedwa cigawenga codzicitira cokha. Mtembo sunali kulowa m'manda a mpingo. Unali kukwiriridwa usiku m'mbali mwa mseu, kawirikawiri pamphambano, atauboola ndi cimtengo cosongoka.

Cilango sicinathere pa mtembo. Katundu yense wonyamulika wa malemu anali kulandidwa ndi kupita kwa mfumu ya dziko: ng'ombe, nkhosa, akavalo, zipangizo za kumunda, ndalama, ngakhale ziwiya za m'nyumba. Ife alimi tingamvetse bwino tanthauzo lake. Mkazi amene wataya mwamuna Lolemba, pofika Loweruka alibe ng'ombe yolimira. Kulanda cuma ca masiye kumene timadandaula nako kuno, kumeneko linali boma lenilenilo locita.

Ku France lamulo la mfumu Louis XIV la mu 1670 linaika ndondomeko yozengera mlandu munthu wakufa. Khoti linali kusankha munthu woyankhira mtembo. Ukapezeka wolakwa, unali kukokedwa cafufumimba m'miseu ya mzinda anthu akuona, kupacikidwa cadodolido, kenaka kutayidwa kudzala. Cuma cinali kulandidwa. Ocita malamulowa anali kuganiza kuti manyazi otere adzaopseza ena.

BODZA LIMENE LINAPHETSA BAMBO

Mmene mantha amenewa anali kugwirira nchito tingaone pa zimene zinacitika mumzinda wa Toulouse ku France mu 1761. Jean Calas anali wamalonda wogulitsa nsalu, Mpulotesitanti wokhala pakati pa Akatolika pa nthawi imene mipingo iwiriyi inali pa udani woopsa. Usiku wina mu Okutobala mwana wake wamkulu, Marc-Antoine, anapezeka atafa m'sitolo ya banjalo. Poyamba a pabanja anauza a boma ngati kuti mnyamatayo waphedwa ndi munthu wina. Pambuyo pake anaulula kuti anadzipha, ndi kuti ananama poopa kuona mtembo wa mwana wao ukukokedwa m'miseu.

Koma bodza linali litawatsekera kale njira. Mphekesera inafalikira kuti bamboyo ndiye anapha mwana wake pomuletsa kulowa Cikatolika. Khoti linamupeza wolakwa, ndipo mu Malichi 1762 anaphedwa mwankhanza pabwalo, akunenabe kuti sanalakwe. Wolemba mabuku Voltaire anaitenga nkhaniyi ndi kuifalitsa ku Ulaya konse, mpaka mu 1765 khoti lalikulu linayeretsa dzina la Calas. Koma wakufa sabwera. Lamulo lofuna kucititsa manyazi mtembo umodzi linabala mitembo iwiri.

Pa nthawi yomweyo, mu 1764, katswiri wa malamulo wa ku Italy, Cesare Beccaria, analemba kuti cilango ca wodzipha cilibe pofikira: cikagwa pa mtembo, mtembo sumva kanthu; cikagwa pa banja, cagwera osalakwa. David Hume wa ku Scotland anapitirira apo, nakana kuti kudzipha ndi kulakwira Mulungu, koma zolemba zakezo zinaopedwa kotero kuti zinatuluka mu 1777 iye atafa kale. Ambiri sanagwirizane naye. John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, anadandaula mu 1790 kuti makhoti afewa kwambiri. Komabe mphepo inali itatembenuka. Malamulo atsopano a France a mu 1791 sanachulenso kudzipha ngati mlandu.

ANANSI NDIWO ANAYAMBA

Tikamawerenga mbiriyi tingaganize kuti anthu ophunzira ndiwo anasintha zinthu. Koma ku England kusintha kunayambira pansi, kwa amuna aja 12 a m'mudzi. Lamulo linali ndi kakhomo kamodzi: akagamula kuti malemu sanali bwino m'mutu pa nthawi imene anacita zimenezi, katundu sanali kulandidwa, ndipo mtembo unali kuloledwa kumanda a mpingo.

Akatswiri a mbiri Michael MacDonald ndi Terence Murphy anafufuza mapepala akale a milandu yotere. Anapeza kuti m'zaka za m'ma 1500 pafupifupi onse anali kupezeka olakwa. Kuyambira ca m'ma 1660 zigamulo zakuti munthu sanali bwino m'mutu zinayamba kuculuka, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 pafupifupi onse anali kugamulidwa motero. Lamulo linali lomwelo m'mabuku, koma anthu anakana kuligwiritsa nchito.

Cifukwa cake sicovuta kucimva. Oweruzawo anali kumudziwa malemu. Anali kumudziwa mkazi wake ndi ana ake. Anali kudziwanso kuti banja likasiyidwa cimanjamanja, ndi parishi yao yomwe imene idzalidyetsa. Cifundo ndi nzeru zinayenda pamodzi. Nthawi zina anali kuchula mtengo wocepa wa katundu, ng'ombe nkuiwerenga ngati kambuzi, kuti boma lisapeze cotenga. Tinene zoona, cifundoci sicinafike kwa onse mofanana. Mlendo, wantchito wopanda abale, kapena munthu amene anali kale pa mlandu, ndiye anali kukathera pamphambano.

Nyumba ya Malamulo inatsatira m'mbuyo mwa anthu, pang'onopang'ono. Mu 1823 inaletsa kukwirira pamphambano, nilola manda a mpingo, koma usiku pakati pa 9 koloko ndi 12 koloko, popanda mapemphero. Mu 1870 kulanda katundu kunatha. Mu 1882 analola kuika maliro masana. Koma kuyesa kudzipha kunakhalabe mlandu. Mu 1956 anthu 613 amene anapulumuka anatengedwa kukhoti ku England ndi Wales, ndipo 33 anapita kundende. Tangoganizani munthu wotsitsimuka m'cipatala, nkupeza wapolisi atakhala pambali pa bedi. Lamulo limeneli linafafanizidwa mu 1961. Ireland inacita cimodzimodzi mu 1993.

MADOKOTALA NDI OWERENGA ZIWERENGERO

Pamene oweruza anali kubwerera m'mbuyo, madokotala analowa. Mu 1838 Esquirol, dokotala wa matenda a maganizo ku Paris, analemba kuti kudzipha ndi cizindikiro ca matenda, ndi kuti wodwala afunika cithandizo osati cilango. Lero madokotala adziwa kuti matenda a kupsinjika maganizo, ucidakwa ndi matenda ena a m'mutu ali kumbuyo kwa imfa zambiri zotere, ndipo ambiri mwa matendawa amacizika.

Mu 1897 Émile Durkheim wa ku France anabwera ndi njira ina. Iye sanayang'ane m'mutu mwa munthu mmodzi, koma anawerenga ziwerengero za maiko ambiri a ku Ulaya. Anapeza kuti amuna okwatira anali kudzipha mocepa kuposa mbeta ndi ofedwa, ndipo okhala ndi ana mocepa koposa. Imfazi zinali kuculuka pamene cuma ca dziko cagwedezeka mwadzidzidzi, ndi kucepa pamene anthu amangana pamodzi pa vuto limodzi. Anamaliza ndi kunena kuti munthu amene zingwe zomumangirira kwa anzake zaduka ndiye ali pangozi. Akatswiri a pambuyo pake anakonza zina mwa ziwerengero zake, koma mfundo yaikuluyo inaima. Makolo athu anainena kale mwacidule: kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu.

MALIRO AMENE ANABALA LAMYA

Mu 1935 mtumiki wacinyamata wa mpingo wa Anglican, Chad Varah, anatumidwa kukaika maliro ake oyamba mumzinda wa Lincoln ku England. Malemu anali mtsikana wa zaka 14. Mtsikanayu atatha msinkhu, poona magazi a kumwezi anaganiza kuti watenga matenda ocititsa manyazi. Analibe azakhali kapena namkungwi womuuza kuti zimenezi zimacitikira mkazi aliyense. Anadzipha, ndipo anaikidwa pa malo osadalitsidwa.

Varah sanaiwale manda amenewo. Mu 1953, ali wansembe pa chalichi ca St Stephen Walbrook ku London, analengeza nambala ya lamya imene munthu aliyense wotopa ndi moyo angaimbe. Lamya yoyamba inalira pa 2 Novembala caka comweco. Anthu ongodzipereka anayamba kubwera kudzamuthandiza, nchito yao nkukhala kupereka tiyi ndi kuceza ndi odikira kuonana ndi wansembe. Posakhalitsa Varah anaona cinthu codabwitsa: ambiri akaceza ndi anthu wamba aja anali kubwerera kwao mtima utatsika, osafunanso kuonana naye. Cimene anali kusowa sicinali ulaliki kapena uphungu wa katswiri, koma khutu. Umu ndi mmene linayambira bungwe la Samaritans, limene mpaka lero limayankha lamya usana ndi usiku, ndipo maiko ambiri anatengera citsanzo cake.

MIPINGO INASINTHA CIANI, INASUNGA CIANI

Apa ndi pamene ambiri a ife timasokonezeka. Buku la malamulo a Mpingo wa Katolika la mu 1917 linali kukaniza mwambo wa maliro kwa odzipha mwadala. Buku latsopano la mu 1983, limene likugwira nchito, linacotsa odzipha pa mndandanda umenewo. Katekisimu wa mu 1992 aphunzitsabe kuti moyo ndi wa Mulungu, ife ndife osunga cabe, ndi kuti kudzipha ndi coipa cacikulu. Koma aonjeza kuti kusokonezeka kwa maganizo, nkhawa yaikulu kapena mantha a masautso zingacepetse mlandu wa munthu, kuti tisataye ciyembekezo pa cipulumutso ca otere pakuti Mulungu ali ndi njira zodziwa Iye yekha, ndiponso kuti Mpingo umawapempherera.

Mpingo wa Anglican ku England unali ndi lamulo la mu 1662 loletsa kugwiritsa nchito mapemphero a maliro pa wodzipha. Ansembe ambiri anali atalisiya kale, ndipo mu 2017 linasinthidwa mwalamulo.

Ndiye kuti mipingo imeneyi sinanene kuti kudzipha ndi kwabwino, iyai. Cimene inasiya ndi kukhala pa mpando wa Mulungu, kuweruza zimene zinali mumtima wa munthu pa mphindi yake yomaliza. Mipingo ina ili ndi malamulo akeake, ndipo mkhristu aliyense angafunse atsogoleri ake. Koma ndi bwino kufunsa tikudziwa mbiriyi.

Mkangano wa ku Ulaya sunathe. Unasamukira pa nkhani ina, ya odwala matenda osacizika amene apempha dokotala kuwathandiza kufa. Netherlands ndi Belgium analola zimenezi mu 2002, Canada mu 2016. Mpingo wa Katolika ndi mipingo ina yambiri ikana kolimba, ndipo magulu ena a anthu olumala aopa kuti ofooka adzayamba kudziona ngati mtolo. Funso lija la Agiriki, lakuti moyo ndi wa yani, likali pabwalo.

CIMENE CINAPULUMUTSA ANTHU

Zaka mazana a cimtengo cosongoka ndi kulanda ng'ombe sizinathetse kudzipha. Zinangophunzitsa mabanja kubisa. Nanga cinathandiza nciani?

Coyamba anacipeza mwangozi. Kale nyumba za ku Britain zinali kuphikira gasi wopangidwa ku malasha, amene anali ndi poizoni. Boma litayamba kusintha gasiyo ndi wina wopanda poizoniyo, imfa za kudzipha ku England ndi Wales zinatsika kucoka pa 5,714 mu 1963 kufika pa 3,693 mu 1975. Ambiri sanapite kukafuna njira ina. Apa akatswiri anaphunzira kuti maganizo ofuna kufa kawirikawiri amabwera ngati mvula ya mkuntho, yoopsa koma yosakhalitsa. Munthu akapanda kupeza comuvulaza pafupi pa ola loipalo, mawa amadzuka. Kafukufuku aonetsa kuti mwa anthu 10 opulumuka, pafupifupi 9 sadzafa ndi kudzipha.

Phunziro limeneli litikhudza ife alimi kuposa wina aliyense. Bungwe la World Health Organization linena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha caka ciliconse pa dziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu amafa ndi mankhwala a kumunda. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri, imfa zotere zinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti pakati pa 1995 ndi 2015, ndipo ulimi sunagwe.

Caciwiri ndi kakambidwe. Mu 1774 Goethe wa ku Germany analemba buku la mnyamata wochedwa Werther amene anadzipha cifukwa ca cikondi. Bukuli linachuka kwambiri, ndipo mizinda ina inaliletsa poopa kuti acinyamata adzatengera. Patapita zaka 200, mu 1974, katswiri David Phillips wa ku America anaonetsa kuti nyuzipepala zikalengeza imfa yotere mokokomeza patsamba loyamba, imfa zina zimatsatira. Ncifukwa cake atolankhani lero amalangizidwa kusafotokoza njira imene munthu wagwiritsa nchito. Langizo lomweli liyenera ife tonse amene tili ndi mafoni m'manja: cithunzi ca malemu kapena kalata yake si zinthu zotumizirana pa WhatsApp.

Cacitatu ndi cija ca Varah: kumvetsera. Ambiri timaopa kuti tikafunsa munthu ngati akuganiza zodzipha tidzamupatsa nzeru yoipa. Kafukufuku waonetsa kuti si zoona. Kufunsa mwacikondi kumatsegula pakamwa pamene panali potseka.

NANGA IFE

Malamulo a Britain anayenda ndi atsamunda kufika m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo ena anawasunga eni ake atawataya. Ghana inacotsa mlandu wa kuyesa kudzipha mu 2023, ndipo ku Kenya khoti lalikulu linagamula mu Januwale 2025 kuti lamulo lotere litsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Zambia inacita msanga. Lamulo la mu 1967 linanena kuti kudzipha si mlandu, koma kulimbikitsa kapena kuthandiza wina kudzipha ndi mlandu waukulu. Motero banja lisaope kuthamangira kucipatala ndi m'bale wao poganiza kuti adzamangidwa cifukwa cakuti anayesa. Kucedwa ndiko kumapha.

Koma lamulo la m'buku ndi lina, lamulo la m'mitima ndi lina. Boma lingaleke kulanga, ife nkupitiriza ndi maso athu, ndi manong'onong'o athu, ndi kusala ana a malemu ngati kuti atengera tsoka. Mbiri ya ku England itiphunzitsa kuti anansi ali ndi mphamvu kuposa Nyumba ya Malamulo. Iwo anasankha cifundo zaka zoposa 100 boma lisanawalole.

Tiyambe ndi zimene zili m'manja mwathu. Mankhwala opopera thonje, fodya ndi ndiwo zamasamba asakhale pansi pa bedi kapena pakhonde. Akhomedwe ndi loko kutali ndi nyumba yogona, makiyi asunge munthu wamkulu, ndipo tigule okwanira nyengo imodzi cabe. Pakhomo pakakhala munthu wosweka mtima, tiwacotseretu. Tikhale cheru ndi mnzathu amene mbeu zapsa ndi cilala nkhongole ili pakhosi, amene ukwati watha, mwana amene walephera mayeso, mtsikana amene watenga mimba akuopa makolo, munthu amene waleka kubwera kumapemphero ndi kumsika, amene wayamba kugawa katundu wake kapena kulankhula ngati wotsazika. Tisamuseke, tisamukalipire, tisamuuze kuti mwamuna salira. Tikhale naye pansi, timufunse, timumvere, tisamusiye yekha, ndipo timuperekeze kukiliniki kapena kucipatala. Bungwe la Lifeline/Childline Zambia limayankha lamya zaulere pa 933, ndi pa 116 kwa ana.

Ndipo inu amene mukuwerenga izi mtima uli wolema, mukuona ngati njira zonse zatsekeka, uzani munthu mmodzi lero lomwe: m'bale, mnansi, ansembe, abusa kapena namwino. Mtolo umene mwausenza nokha ungaoneke wosanyamulika, koma mutu umodzi susenza denga.

Tsoka likagwa ndithu, tipite kumaliro. Tinyamule nkhuni ndi ufa monga ticitira pa maliro ena onse. Tikhale pafupi ndi wamasiye, ndipo tibwererenso patapita mwezi, pamene anthu onse abalalika, pakuti ofedwa motere amakhala ndi mafunso osatha ndipo naonso ali pangozi. Azungu zinawatengera zaka zoposa 1,000 kuti aone kuti ndodo yomenyera wakufa imagwera amoyo. Ife taimva mbiri yao, tisadikire nthawi yonseyo. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.